Ngozi Yoitsata ndi Ngozi Yokupeza

Kwathu ku Mwanza chipale chofewa sichigwa. Mu June ndi July kumazizira ndithu, nkhungu nkukuta mapiri a ku Thambani mpaka dzuwa kumaoneka ngati mwezi, koma chimene chimagwa kumwamba ndi mvula ndi matalala basi. Ngakhale akuluakulu amene adamasulira Buku Lopatulika adavutika nacho chinthuchi: pena adachitcha matalala, pena chipale chofewa, pakuti chinenero sichisunga dzina la mlendo amene sadafikepo pakhomo. Komabe masiku ano palibe wa ife pano pa koleji amene sadaonepo pa kanema kapena pa foni munthu atamanga matabwa awiri kumapazi, akutsetsereka m'phiri loyera mbee, chipale chikufuka kumbuyo kwake ngati fumbi la lole mu October. Ambiri tikaona timaseka, nkumati kukhuta nkoipa. Ine ndifuna kuti tiyambe taleka kuseka, tifunse funso limene labisala m'kusekamo. Kodi nkoyenera kuti munthu wanzeru zake apite kukafuna ngozi imene siidamfune? Ndipo ngati nkosayenera, cholakwa chake chiri pati kwenikweni?

Mlandu sagamula asanamve mmene zidayendera. Masewerawa amatchedwa ski, ndipo matabwa aja nawo dzina lake ndi lomwelo. Anthu ambiri amatsetsereka m'njira zokonzedwa. Usiku makina olemera amayenda m'phiri kupondaponda chipale, kuti pofika m'mawa chikhale cholimba ndi chosalala ngati m'nyumba mozira bwino. Pamenepo munthu amaona pamene akuponda. Amaphunzira kutsamira phazi limodzi, kukanikiza mphepete mwa thabwa kuti ilume pansi, ndi kukhota. Akachita mantha amapingasa matabwa naima.

Koma pali chipale china chimene akatswiri amachilakalaka usiku ndi usana, chimene amachitcha ufa. Ichi nchimene changogwa kumene kunja kukuzizira koopsa, chouma, chosapondedwa ndi munthu kapena makina. Nchopepuka kuposa ufa woyera wosefa: pa magawo 100 a chipale chotere madzi ake kawirikawiri sakwana magawo 10, otsalawo ndi mpweya chabe. Ku Alta, m'chigawo cha Utah ku America, ndi ku Niseko pa chilumba cha Hokkaido ku Japan, chimagwa chochuluka kotero kuti mukaphatikiza cha nyengo imodzi chimapitirira mamita 10. Munthu akalowa m'menemo amatitimira mpaka m'maondo, pena mpaka m'chiuno. Matabwa aja saonekanso. Mapazi ake sawaona, ndipo pansi polimba pamene adazolowera kudalira palibe.

Woyamba kulowa mu ufawu, ngakhale akhale wa zaka zambiri m'njira zokonzedwa, amagwa ngati mwana wophunzira kuyenda, ndipo chimene chimamgwetsa ndi nzeru zake zomwe. Akatsamira phazi limodzi monga adaphunzirira, thabwa limodzi limamira linzake nkuyandama, iye nkugubuduka. Mantha amamuuza kuti atsamire kumbuyo kuti nsonga za matabwa zingamire. Akatero ntchafu zimaotcha ngati wakhalira mbaula, matabwa nkuthawa okha osamumvera. Mantha omwewo amamuuza kuti achepetse liwiro, chikhalirecho liwirolo ndi limene limamnyamula kuti ayandame, monga njinga imene imakugwetsa ukaipalasa mozengereza. Aphunzitsi amamuuza kuti agawe thupi mofanana pa mapazi onse awiri, ayang'anitse chifuwa kunsi kwa phiri kumene akuopako, ndipo azitsika ndi kukwera m'maondo ngati mayi wosinja pamtondo. Akagwa, kudzuka ndi ntchito inanso: akatsamira dzanja, dzanja limamira, akazika ndodo, ndodo imamira, thabwa likavuka akhoza kutha ola lathunthu akulifufuza. Koma amene apirira amafika pa mphindi ina pamene thupi limaleka kulimbana, nkuyamba kuyandama mwakachetechete, ndipo ambiri kuyambira tsiku limenelo njira zokonzedwa zija siziwakomeranso.

Munthu wa ku Mwanza akazimvetsa bwino zimenezi sangazitche zachilendo. Aliyense amene adaolokapo Wamkulumadzi kapena mtsinje wa Mwanza mu January, madzi ali psuu ndi matope, akudziwa za kuponda pamene diso silifika. Naye woyamba kuoloka amalakwa mofananamo. Amayang'ana madzi pafupi ndi miyendo yake mpaka chizungulire chimgwira, pamene wozolowera amayang'ana mtengo wa tsidya. Amafuna kudula mtsinje molunjika, kulimbana ndi madzi, pamene wozolowera amapita chopendekera, kulola madzi amtengeko pang'ono. Amanyamula phazi m'mwamba monga poyenda pamtunda, pamene poyenera kulikhwekhwereza, kufufuza mwala ndi zala. Akaima pamchenga kuti ayambe waganiza, madzi amakumba pansi pa chidendene chake. Nzeru imeneyi siilembedwa m'buku. Mayi amaipereka kwa mwana wake atamgwira dzanja, madzi ali m'chiuno. Choncho thupi la wa ski ndi thupi la wooloka mtsinje aphunzira phunziro limodzi. Chotsala nkuona ngati anthu awiriwa akuchitanso chinthu chimodzi.

Pakuti ufa uja umapha. Chipale chatsopano chikagona pamwamba pa chakale chosagwirana nacho, mbali yonse ya phiri ikhoza kung'ambika nkutsika nthawi imodzi. Pano pa Zomba sitisowa womasulira: ameneyo ndi napolo, monga uja adatsika m'phiri la Zomba mu 1946 kapena wa ku Phalombe mu 1991, kungoti uyu ngoyera. M'mapiri a Alps ku Ulaya amapha anthu pafupifupi 100 pa chaka. Ku Davos, m'dziko la Switzerland, kumene akhala akufufuza za chipale kuyambira 1936, kaundula wa ngozi akuonetsa kuti mwa anthu 10 okwiririka kotheratu, 9 amapezeka amoyo akafukulidwa m'mphindi 15 zoyamba, koma likapitirira theka la ola amoyo amatsala ngati 3 okha, chifukwa chipale chofewa chija chikaima chimalimba ngati simenti ndipo mpweya umatha. Tsono chachikulu pa mlandu wathu ndi ichi: mwa amene amafa chotere masiku ano, ochuluka zedi napoloyo amamuutsa okha, kapena mnzawo wa pa ulendo womwewo, ndi kulemera kwa matupi awo. Napolo wa ku Phalombe adapeza anthu m'midzi mwawo. Uyu anthu amamtsata kwawo, nalipira ndalama zankhaninkhani kuti akafikeko. Kuyambira 1965, pamene Hans Gmoser adayamba kutula alendo ndi helikopita pamwamba pa mapiri a Bugaboos ku Canada, ena amachita kuuluka kuti akapeze ufa umene sudapondedwepo.

Apa woweruza mwachangu ati: mwaona, si ndimanena? Walira mvula walira matope. Wafa ndi zofuna yekha, tisataye misozi. Chiweruzo chimenechi chimakoma m'kamwa, makamaka kwa ife amene ndalama ya ulendo umodzi wotere ikadatilipirira sukulu mpaka kumaliza. Koma sichilimba ukachigwedeza.

Matabwa aja sadayambe ngati choseweretsa cha olemera. Adali njinga ya mmphawi. Zidutswa za ski zimene zidafukulidwa kumpoto kwa Russia nzakale zaka pafupifupi 8,000, ndipo eni ake adali alenje. Anthu a mtundu wa Sami, kumpoto kwa Norway, Sweden ndi Finland, ankatsata nazo ziweto. Kuyambira 1856 mpaka 1876 John Thompson, mbadwa ya ku Norway, ankanyamula makalata pamsana kudutsa mapiri a Sierra Nevada pakati pa California ndi Nevada, ulendo wa makilomita oposa 140, chifukwa m'nyengo yozizira padalibe njira ina. Sondre Norheim, amene adadabwitsa anthu a mumzinda wa Christiania mu 1868 ndi kukhota kwake, adali mlimi wosauka wa ku Morgedal. Misewu, sitima ndi magalimoto zitafika, kufunika kwa matabwawo kudatha, chidatsala ndi chisangalalo chokha. Ndiye kuti masewerawa ndi ntchito yakale imene yamasulidwa m'goli. Zomwezo zidachitika pa Zambezi: kunsi kwa mathithi a Victoria Falls anthu akhala akulipira ndalama kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kuti akaponyedwe uku ndi uku ndi mafunde amene msodzi wanzeru amawalambalala. Sindingadabwe ngati adzukulu athu, milatho itakwana, adzapite kukasewera ndi madzi omwe lero timawaoloka tikupemphera.

Komanso tisadzinamize kuti ife sitisewera ndi ngozi. Ndani mwa anyamata amene akuwerenga pano sadadumphirepo m'dziwe kuchokera pa thanthwe, osadziwa chimene chiri pansi? Ndani sadatsetserekepo pa thanthwe lonyowa atakhalira thunthu la nthochi, kapena kukwera kunsonga kwa mtengo wa mango pamene mango akupsa ali mbwee pansi? Nanga njinga yopanda mabuleki potsika chitunda, chidendene chiri pa tayala? Palibe amene adatituma. Makolo ankakalipa, koma bambo yemweyo amene ankathyola mkwapulo ndi amene madzulo ankasimba monyadira za dziwe la ubwana wake. Ndipo pali china chimene makolowo ankachidziwa ngakhale sankanena: mwana amene sadasewerepo m'dziwe ndi amene madzi amamtenga tsiku limene atumidwa kutsidya mtsinje utadzadza. Aristotle adaphunzitsa kuti munthu amakhala wolimba mtima pochita zinthu zofuna kulimba mtima, monga mmisiri amakhala mmisiri pomanga. Ngati ndi choncho, mudzi umene ungathetseretu masewera oopsa udzalera ana osadziwa mantha awo omwe, ndipo mantha osawadziwa ndi amene amagwetsa.

Enanso amati izi nza azungu. Ayi. Lamine Guèye wa ku Senegal adapikisana nawo pa ski ku Sarajevo mu 1984. Philip Boit wa ku Kenya, wothamanga amene adakayamba kuphunzira ku Finland mu 1996, adamaliza kumapeto kwenikweni pa mpikisano wa makilomita 10 ku Nagano mu 1998, ndipo wopambana, Bjørn Dæhlie wa ku Norway, adamdikira pothera kuti amkumbatire. Chilakolako chofuna kuyesa chimene thupi silidachitepo sichisankha khungu. Chimasankha thumba, ndipo limenelo ndi dandaulo lina.

Ngati tsono kusewera ndi ngozi si misala, kodi aliyense achite monga afuna? John Stuart Mill, m'buku lake lonena za ufulu la 1859, adayankha ndi fanizo limene likutikhudza kwambiri. Adati tiyerekeze munthu akufuna kuoloka pa mlatho umene wadziwika kuti ngoola. Ngati palibe nthawi yomchenjeza, nkololeka kumgwira ndi kumbweza, chifukwa chimene iye akufuna nkuoloka, osati kugwera m'madzi. Koma ngati kugwako sikotsimikizika, pali ngozi chabe, ndipo munthuyo ngwamkulu wanzeru zake, tingomchenjeza. Ndi yekhayo amene angayeze ngati chifukwa chake nchokwanira. Maiko a chipale adatsata nzeru imeneyi. Kuyambira 1993 maiko a ku Ulaya ali ndi muyeso umodzi wa ngozi ya napolo wa chipale, kuyambira 1 mpaka 5, ndipo m'nyengo yozizira amaulengeza tsiku ndi tsiku. Wofuna ufa amanyamula kawailesi koonetsa pamene wakwiririka, ndodo yofufuzira ndi fosholo. Akachenjezedwa, zotsala nzake.

Fanizo la Mill ndimalikonda, koma liri ndi zibowo ziwiri, ndipo zonse zimaonekera bwino ukaimira ku Mwanza.

Choyamba nchakuti munthu wa Mill waima yekha pa mlathowo, wopanda mkazi, wopanda mwana, wopanda mbumba. Munthu wotere kwathu kulibe, ndipo ndikhulupirira kuti ngakhale ku Ulaya kulibe. Pa 17 February 2012, Kalonga Friso wa ku Netherlands adatuluka m'njira zokonzedwa ku Lech, m'dziko la Austria, tsiku limene muyeso udali pa 4. Chipale chidamkwirira mphindi zoposa 20. Adamfukula, helikopita nkumtengera ku chipatala cha ku Innsbruck, koma ubongo udali utaonongeka. Adagona chikomokere chaka ndi theka, namwalira mu August 2013 ali ndi zaka 44, kusiya mkazi ndi ana aakazi awiri aang'ono. Iye adasankha. Anawo sadafunsidwe. Ngakhalenso amene amathamangira kukafukula munthu m'phiri limene langogumuka kumene, akudziwa kuti likhoza kugumukanso, safunsidwa m'mawa pamene mwini ulendo akumanga nsapato. Ife amene timadziwa kuti maliro amodzi amaimitsa makasu a mudzi wonse, ndi kuti ana amasiye amagwera malume amene ali nawo kale ake asanu ndi awiri, sitingavomere msanga mawu akuti moyo wanga ngwanga ndekha.

Ndiye cholakwa chimene timafuna chija chayamba kuoneka. Sichiri m'chisangalalo, ndipo sichiri m'ngozi payokha. Chiri m'ngongole imene munthu amakongola m'dzina la ena osawauza. Nchifukwa chake pa ulendo woyamba wa mu ufa, amene ndimamuyang'anitsitsa si wophunzirayo. Iye sadziwa chimene akuvomera. Sangasiyanitse phiri logona ndi phiri lodikira. Wavomera chifukwa wakhulupirira mnzake. Katundu yense ali pa wodziwayo, ndipo mayeso ake ndi amodzi: kodi atafika pamwamba, ndalama zitapita, dzuwa likuwala, ufa uli mbee wosapondedwa, mnzake akumuyang'ana mwachidwi, angathe kunena kuti lero ayi, tibwerere? Aristotle yemwe uja adaika kulimba mtima pakati pa mantha ndi phuma. M'masewera otere, kulimba mtima kumene kumasowa kwambiri ndi kwa kubwerera anzako akukuona. Anyamata a padziwe akudziwa: wamkulu amene amakankhira kamwana m'madzi akuya kuti nako kaphunzire, ndi wamkulu amene amayamba walowa yekha kukayeza ndi ndodo, onse awiri amatchedwa olimba mtima, koma mayi aliyense amadziwa amene angamtumize ndi mwana wake.

Chibowo chachiwiri nchachikulu. Munthu wa Mill ali ndi mlatho, ngakhale woola, ali ndi womchenjeza, ndipo koposa zonse ali ndi kwina kopita akamvera chenjezolo. Wa ski akawerenga 4 akhoza kubwerera kukamwa tiyi. Nanga mayi wa m'dera la Mfumu Kanduku kapena Nthache amene wabereka mwana wotentha thupi, chipatala chiri tsidya? Nanga mlimi amene manachesi ake apsa, lole ya ogula yaima pamsewu waukulu wa ku Blantyre, ndipo siidikira? Nanga mwana wa Sitandade 8 amene mayeso ake sasuntha chifukwa cha mvula? Mukawachenjeza mwawauza chimene akuchiona kale ndi maso. Mu March 2023, namondwe Freddy asanafike, mawailesi adachenjeza ndithu, ndipo Mwanza idadzakhala m'gulu la maboma a m'chigawo cha kummwera amene adalengezedwa kuti agweredwa tsoka. Koma chenjezo lakuti samukirani kumtunda limathandiza amene ali ndi kumtunda kwake. Mawu aja akuti lero ayi, amene kwa wa ski ndiwo mayeso a khalidwe lake, mayiyu sadapatsidwe nkomwe.

Kusiyana kumeneku kukhoza kuoneka m'phiri limodzi. Ku Lesotho, m'mapiri a Maloti, kuli malo a ski otchedwa Afriski, pamtunda wa mamita oposa 3,000, kumene alendo amasewera kuyambira June mpaka August, kawirikawiri pa chipale chopangidwa ndi makina. M'mapiri omwewo muli anyamata oweta nkhosa, ofunda bulangete ndi kuvala magambuti, amene chipale chenicheni chikagwa chimawatsekera kumakola a kutali, ena nkufera komweko. Mlendo amapempherera chipale, mbusa amapempherera kuti chisagwe, ndipo thambo ndi limodzi.

Ndisaname kuti malire ake ngoonekeratu nthawi zonse. Pa chipata cha Mwanza, popita ku Zobue, pamadutsa anyamata ndi atsikana a msinkhu wathu opita ku Johannesburg kwa nthawi yoyamba, ena opanda mapepala okwanira. Nawo akuponda pamene diso silifika, atagwira dzanja la wodziwa njira amene amlipira. Kodi iwo atsata ngozi, kapena ngozi yawapeza? Tsiku adasankha okha, ndipo ena mwa iwo, tikanena zoona, akukokedwa ndi chilakolako chomwe chija cha padziwe, chofuna kuona ngati angathe. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma kumbuyo kwawo kuli munda umene sukwanira abale onse, ndi satifiketi imene yakhala m'sutikesi zaka zitatu. Mu March 2020, m'chigawo cha Tete, m'kontena ya lole yochokera ku Malawi mudapezeka mitembo 64 ya anthu a ku Ethiopia amene adafa posowa mpweya. Amoyo adali 14. Adafa imfa yofanana ndi ya wokwiririka m'chipale, mumdima, chifuwa chikukana. Adalowa m'kontenamo ndi miyendo yawo, ndipo adalipira. Amene angaime pamenepo nkunena kuti walira mvula walira matope, mwambiwo waugwiritsa ntchito ngati chotsekera m'makutu. Ufulu wosankha uli ndi miyeso yake, ndipo funso loyenera kufunsa pa munthu aliyense wolowa m'ngozi ndi lakuti akadakana, akadabwerera ku chiyani.

Tsono tibwerere kwa mayi uja wa pamtsinje, pakuti ndi iye amene wandilembetsa. Palibe angakane kuti ngolimba mtima. Akuopa choyenera kuopa, ndipo akulowabe m'madzi chifukwa cha mwana. Pa muyeso uliwonse, ngakhale wa Aristotle, iye aposa kalonga wofuna ufa. Koma ndayamba kuchita nawo mantha mawu otamanda amenewa. Timawamva pa misonkhano, timawalemba m'ndakatulo zathu za m'magazini ano: amayi a kumudzi ngolimba, amayi a kumudzi ngopirira. Kutamanda nkotchipa kuposa simenti. Tikamtcha ngwazi tasandutsa kusowa kwa mlatho kukhala khalidwe lake labwino, ngati kuti adadzuka m'mawa nasankha mtsinje monga wa ski asankhira phiri. Ndipo ngati cholakwa chiri m'ngongole yokongola m'dzina la wosafunsidwa, ndiye pa dooko paja wosafunsidwa ndi mayiyo, ndipo wokongola ndi wina amene sadzanyowa ngakhale chala.

Sikuti luso lomanga likusowa. Njanji imene kampani ya Vale idamanga kuchokera ku migodi ya Moatize kupita ku doko la Nacala idadutsa m'boma lathu lomweli, pa milatho ya konkire yoolotsa mabogi ambirimbiri a malasha m'dzinja ndi m'chilimwe momwe. Sindikuidandaula njanjiyo, ndikungoti idationetsa kuti mitsinje ndi zigwa za kwathu zimagonja pamene katundu woolokayo wawerengedwa mtengo wake. Amene amawerenga mitengoyo, amene amalemba kuti chaka chino ndalama ipite uku osati uko, ndi anthu amene adakhalapo pa mipando imene takhalapoyi. Zaka zowerengeka zikubwerazi ena mwa ife adzakhala mainjiniya, ena a DC, ena alembi a maunduna. Tidzakhala ndi galimoto zoti mtsinje ukadzadza zibwerere, ulendo nkuuimika mpaka sabata yamawa. Mwina ena adzatumidwa ku misonkhano ku Geneva mu January, ndipo Loweruka mnzawo wa kumeneko adzawatengera kuphiri kukayesa ufa kwa nthawi yoyamba. Apite, akagwe, akaseke, akamve thupi likuyandama. Ine sindidzawaimba mlandu, bola afunse kaye kuti muyeso uli pa chiyani ndi kuti kunyumba asiya yani.

Pa madooko ambiri a kwathu muyeso wa 1 mpaka 5 ulipo kale, kungoti sulengezedwa pa wailesi. Ndi mwala wina pakati pa mtsinje, kapena muzu wa mkuyu wa m'mphepete, umene anyamata oolotsa anthu amauyang'ana. Mwala ukaoneka msana wonse, ngakhale ana a sukulu amaoloka okha, mabuku ali pamutu. Madzi akafika pakati pake, anyamata amavula malaya, nayamba kuolotsa njinga ndi madengu pa mtengo wogwirizana. Mwala ukamira, amakhala pansi pa mkuyu, ndipo ngakhale muonjeze ndalama amangopukusa mutu. Amakhala choncho mpaka patulukire anthu anayi atanyamula machira, mayi wapakati ali m'menemo, azakhali ake akuthamanga pambuyo ndi beseni ndi zitenje. Pamenepo anyamata aja amayang'anana, wamkulu mwa iwo nkudzuka kukadula ndodo.